Lisiti ndi mboni yosadwala



Sabata yatha mphwanga wina adandipeza kuno kwa Katunga ali wokhumudwa. Njinga yake yamoto, imene amadyetsera ana pa kabaza, idagwidwa pamsewu wa M1 poganiziridwa kuti idalowa mozemba kuchokera ku Mozambique. Iye adaigula kwa munthu pamsika, popanda pepala lililonse. Adandifunsa kuti, "Malume, bwanji iwowo osabweretsa umboni woti ndidazembetsa?"

Funsolo ndi lomveka. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira umboni utamutsutsa. Koma pa nkhani za kasitomu zinthu zimatembenuka. Lamulo la Customs and Excise Act, limene bungwe la MRA limagwiritsa ntchito, limasenzetsa mwini katundu udindo woonetsa kumene katunduyo adachokera ndiponso kuti msonkho udalipidwa.

Ine ndidakalambira m'ntchito ya boma, ndipo ndikuti lamuloli lili ndi nzeru. Malire athu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ndi aatali, njira zachidule n'zambiri, ndipo si katundu yense amadzera pachipata cha Marka. Wodziwa kumene chinthu chidagulidwa ndi wogulayo. Boma silingakhale ndi mboni pa dooko lililonse la Shire.

Komabe mtolowu umalemera kwambiri pa mmphawi, amene amagula pakamwa, osati papepala. N'chifukwa chake ndikukumbutsa ana athu ogwira ntchito ya msonkho kuti Yohane Mbatizi, pa Luka 3, sadauze amisonkho kusiya ntchito, koma adawaletsa kulipiritsa mopyola muyeso. Mukagwira katundu, lembani, mpatseni mwini wake chikalata, mumuuze kumene angakadandaule. Kusowa lisiti kwa mnzanu kusasanduke munda wa ziphuphu.

Ndipo ife Akhristu, pa Aroma 13 tidalamulidwa kupereka msonkho. Tisathamangire chotchipa chimene mtengo wake womwe ukutinong'oneza kuti china chake chalakwika. Pogula njinga, feteleza kapena zitenje zogulitsa, funsani mapepala a kasitomu, lembani dzina la wogulitsa, pakhale mboni ziwiri. Lisitilo lisungeni m'Baibulo momwe, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Mphwangayo akadafunafunabe munthu adamugulitsa uja. Mumukumbukire m'mapemphero anu.

Ambuye akudalitseni nonse.