Ankhazi anga sanachimwe poganiza za anyani

Mwezi wa Malichi kwathu ku Thazima chimanga chimakhala chili pa mondokwa, ndipo anyani a ku Nyika amadziwa zimenezi kuposa mlangizi wa zaulimi. Munda wa ankhazi anga uli kufupi ndi malire a paki. Amuna awo anamwalira, ana ali kutauni, ndiye mlonda wa mundawo ndi iwo okha ndi galu mmodzi wowonda.

Ankhazi amapemphera Loweruka. Dzuwa likalowa Lachisanu amapachika khasu, nkhuni amakhala atatola kale, ndiwo ataphika kale. Loweruka lina ali m'tchalitchi anamva galu akuuwa chakumunda. Anakhalabe pa benchi mpaka mapemphero anatha, koma ulaliki wonse sanaumve, mtima unali pa chimanga. Poweruka anakauza mkulu wina wa mpingo, poganiza kuti awapempherera. Mkuluyo anawayankha kuti thupi linali m'tchalitchi koma mtima unalima, ndipo kulima ndi mtima n'chimodzimodzi kulima ndi khasu. Anati aswa Sabata.

Nditapita kukawaona ndinawapeza sanapite ku Mgonero wa Ambuye, ati sali oyenera. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, iwe unapita kusukulu. Munthu amatani kuti asiye kuganiza?" Chimanga china anyani anadya ndithu, koma chimene chinkawasowetsa tulo ndi mawu a mkulu aja.

Ine ndikuti mkuluyo analakwa. Ndipo musathamangire kunena kuti ndikulimbana ndi a Loweruka ayi. Ineyo ndinakulira mumpingo wa Lamulungu, ndipo kumeneko nako tinkauzidwa kuti kuganiza za mpira uli m'kwaya ndi tchimo. Matendawa ali mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo. Pa Eksodo 20 ndi pa Deuteronomo 5 chimene chaletsedwa ndi ntchito, ndipo mndandanda wa oyenera kupuma ndi wautali: mwini nyumba, ana, antchito aamuna ndi aakazi, ziweto, ngakhale mlendo. Deuteronomo amaperekanso chifukwa chake, kuti Aisraeli anali akapolo ku Igupto, choncho asamapanikize ena monga anapanikizidwira iwo. Lamuloli linabwera kudzatula katundu pamutu pa munthu wotopa. Ndiye zatheka bwanji kuti lero lisanduke katundu wina, wosenzetsa mayi wamasiye amene mlandu wake ndi kuopa njala?

Ndikudziwa ena mundikumbutsa Yesaya 58, pamene mneneri akudzudzula anthu otsata zofuna zawo pa tsiku lopatulika. Werengani mutu wonsewo, musangotola vesi limodzi ngati nthochi pa mkoko. Mneneriyo wayamba ndi kukalipira anthu osala kudya kwinaku akupondereza antchito awo. Akulankhula ndi mabwana, ankhazi anga sali m'gulu limenelo.

Apa ndiye pondiwawa. Mkulu yemwe uja ali ndi munda wa fodya. Loweruka iye amavala jekete n'kupita kutchalitchi, anyamata ake aganyu ali m'chigafa kusoka fodya. Ukafunsa amati, "Aja ndi a Lamulungu, Sabata siliwakhudza." Eti? Lamulo latchula wantchito m'mawu omveka, koma iye wadumpha pamenepo n'kukafufuza zimene zili m'mutu mwa mayi wokalamba. Boma la Malawi linathetsa utenanti m'chaka cha 2021, koma aliyense amene anayendapo m'minda ya fodya kuno ku Rumphi akudziwa kuti alipobe anthu ogwira ntchito sabata yonse osapuma, malipiro akudikira fodya akagulitsidwe ku okushoni. Ulaliki wa za amenewa sindinaumvepo pa guwa la mkuluyo.

Tsono kodi maganizo sangakhale tchimo? Angakhale, sindikukana. Lamulo lakhumi likuletsa kusirira za mnzako, ndipo kusirira kumachitika mumtima. Pa Mateyu 5 Yesu akunena za munthu woyang'ana mkazi ndi cholinga chomukhumba, ndiponso za wosunga mkwiyo pa mbale wake. Mfumu Ahabu inagona osadya chifukwa cha munda wa Naboti, ndipo mapeto ake Naboti anaphedwa. Koma taonani, m'nkhani zonsezi munthu walilandira ganizolo, walipatsa mpando, akuliphikira nsima tsiku ndi tsiku. Yakobo m'kalata yake amasiyanitsa kuyesedwa ndi kuchimwa, ndipo amayerekeza chilakolako ndi mimba imene imayamba yaima kenako n'kubala. Pakati pa ganizo kufika ndi tchimo kubadwa pali mtunda, ndipo mtunda umenewo ndi pamene munthu amasankha. Ngati ganizo lililonse lobwera lokha ndi tchimo, ndiye kuti Yesu anachimwa m'chipululu pamene anamva za mkate ali ndi njala. Palibe Mkhristu angavomere zimenezo.

Ankhazi ganizo linawafika, n'zoona. Koma anasankha kukhala pa benchi pamene chakudya chawo cha chaka chonse chikudyedwa. Ine ndikanathamanga, ndipo mwina mkuluyonso akanathamanga ukanakhala munda wake. Kunena zoona, ngakhale akanathamanga sindikanawatcha ochimwa, chifukwa Yesu yemweyo anateteza ophunzira ake atabudula ngala za tirigu pa Sabata, ndipo anakumbutsa omutsutsa kuti iwonso amavuula nkhosa yawo ikagwera m'dzenje tsiku lomwelo.

Komanso chiphunzitso cha mkuluchi sichigwira ntchito n'komwe. M'chaka cha 1987 katswiri wa za maganizo wa ku America, Daniel Wegner, anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera. Chimbalangondocho chinangobwerabwera m'mitu mwawo, ndipo atawalola kuchiganiza, chinabwera kwambiri kuposa kwa anzawo amene sanaletsedwe. Yesani nokha pompano, musaganize za foni ili m'manja mwanuyo. Mwaiganiza kale. Ukamuuza munthu kuti kuganiza za munda pa Sabata ndi tchimo, wamupatsa ntchito yolondera mutu wake maola 24, ndipo mundawo sumuchoka. Tsiku lopuma limasanduka tsiku lotopetsa kuposa masiku onse asanu ndi limodzi.

Mkangano wa tsiku si wachilendo kuno kumpoto. Robert Laws anasamutsira Livingstonia ku Khondowe, m'boma lathu lomweli, m'chaka cha 1894, ndipo ife tinazolowera Lamulungu mpaka pa Chitumbuka timangolitcha Sabata, pamene Loweruka timati Chisulo. Charles Domingo, amene anakulira m'manja mwa Laws ndi kuphunzira zaubusa ku Livingstonia, anachoka n'kukagwirizana ndi a Seventh Day Baptist kudzera mwa Joseph Booth. Koma m'makalata ake Domingo sankataya nthawi ndi zimene zikudutsa m'mitu ya amayi. Ankadzudzula amishoni, boma la atsamunda ndi makampani chifukwa chopeputsa munthu wakuda. Anthu amene anabweretsa Sabata la Loweruka kuno ankayang'ana amphamvu. Ife zidzukulu tatembenuza mkondo, tikulasa ofooka.

Anzanga amene mukuwerenga izi pa foni, ena mwa inu mukudwala matenda omwewa. Mumapemphera, ganizo loipa n'kubwera, mumayambiranso pemphero, n'kubweranso, mpaka mumadziona ngati otayika. Ganizo limene likukunyansani si lanu m'njira imene cholinga chili chanu. Ngati zikukusowetsani mtendere mpaka kulephera kugona kapena kuwerenga, kauzeni munthu wamkulu womvetsa kapena wa zachipatala, chifukwa vuto limeneli limadziwika ndipo thandizo lilipo. Kulapa kwambiri sikulichiritsa, kumangolinenepetsa.

Ankhazi ndinawayankha kuti munthu sasiya kuganiza, ndipo palibe vesi limene likuwauza kuti asiye. Anangoseka pang'ono n'kunena kuti awa ndi mawu a ana asukulu. Koma Mgonero wotsatira anapita. Loweruka lomwelo ine wa Lamulungu ndinakhala pa chulu m'munda mwawo ndi legeni, kudikira anyani, ndipo chakutsidya anyamata aja anali m'chigafa kusoka fodya.