Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamigodi ndi Mphamvu ya Dziko la Mozambique

Olemekezeka a Nduna,

Gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane, anayamba kugulitsidwa mu 2004, ngakhale kuti wa ku Pande anapezeka kalekale, mu 1961. Kampani ya Sasol imamuyeretsa ku Temane, ndipo wambiri amadutsa m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda, ku South Africa. Wina amapangira magetsi ku Ressano Garcia. Patha zaka zoposa 20 tsopano, ndipo zitsime za gasiyu zayamba kukalamba.

Gasi sakhala m'phanga ayi. Amakhala wothinana m'timipata ta mwala wamchenga, pansi kwambiri, ndipo kuthinanako n'kumene kumamukankhira kumtunda. Akamatengedwa chaka ndi chaka, mphamvu yokankhayo imatsika ngati mpweya m'chubu cha njinga. Zikafika apa mainjiniya amaika makina opopera, amakonza zitsime zakale, n'kukumbanso zatsopano pakati pa zakalezo kuti afikire gasi amene anatsalira m'mbali.

Mdani wamkulu ndi madzi. Kunsi kwa gasi nthawi zambiri kumakhala madzi amchere. Mavavu akatsegulidwa mopitirira muyeso pofuna kugulitsa wambiri msanga, madziwo amakwera, amadzaza m'munsi mwa chitsime, gasi n'kumatuluka modukizadukiza mpaka kusiyiratu. Gasi amene watsekeredwa kuseri kwa madzi kawirikawiri sabwereranso. Mchenga nawo umaperesa mapaipi m'kati, pomwe gasi wodontha m'malumikizo ndi chuma chongouluka, chowononganso nyengo.

N'chifukwa chake kukolola bwino kumayambira pa kuyeza. Kuchuluka kwa gasi, madzi ndi mphamvu yokankha pa chitsime chilichonse kuyenera kudziwika tsiku ndi tsiku, ndipo manambalawo asamathere m'maofesi a kampani. Kampani ili ndi zaka zowerengeka za mgwirizano wake, koma gasi wotayika pansi watayikira dziko mpaka kalekale. Bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi gasi, la Instituto Nacional de Petróleo, likufunika akatswiri akeake okwanira, otha kutsutsa dongosolo lokolola mwaphuma.

Ku nyanja ya kumpoto, m'dera la Rovuma, sitima ya Coral Sul inayamba kutumiza gasi kunja mu Novembala 2022, ndipo zitsime za ku Rovuma zikadali zanthete. Chonde a Nduna, lamulani kuti manambala a chitsime chilichonse, ku Inhambane ndi ku Rovuma komwe, aziunikidwa ndi mainjiniya a boma chaka chilichonse, ndipo zotsatira zake ziziperekedwa ku nyumba ya malamulo.