ZA MASEWERO: Kodi mapanga awiri avumbwitsadi?

Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ku Amereka mwambi umenewu umayesedwa chaka ndi chaka m'mwezi wa Disembala, ndipo poyesera pake ndi pa bwalo la mpira. Sitikunena mpira wathu wamiyendowu ayi, koma wawo uja wooneka ngati papaya, wonyamula m'manja ndi kuponya, umene osewera ake amavala zisoti zolimba chifukwa cha kugundana. Matimu a sukulu za ukachenjede amakoka chinamtindi cha anthu kumeneko. Bwalo la yunivesite ya Alabama lokha limalowa anthu pafupifupi 100,000.

Pansi pa mphunzitsi wamkulu wa timu pamakhala achiwiri ake awiri. Wina amayang'anira anyamata ofuna mapointi, wina amayang'anira otchinga kumbuyo. Mpira umenewu umaimaima, ndipo ukangoima wachiwiriyo ndiye amalamula chochita chotsatira. Kuti alamule bwino amakhala masiku ambiri akuonera mafilimu a adani awo mpaka usiku.

Tsono vuto lili apa, owerenga anzanga. Masewero a pachaka amatha cha kumapeto kwa Novembala, ndipo masukulu amene sanachite bwino amachotsa aphunzitsi awo nthawi yomweyo. Olowa m'malo amakawafuna kuti? Kwa achiwiri a matimu amene achita bwino, omwe nthawiyo akukonzekera mpikisano wachipulula wolimbirana chikho cha dziko lonse. Munthu amasayina ntchito yatsopano Lachiwiri, Lachitatu m'mawa akumuyembekezera ku ntchito yakale. Ndipo yatsopanoyo siidikira. Ayenera kulemba omuthandiza ndi kunyengerera anyamata a ku sekondale kuti adzasewere kwa iye, pakuti kuyambira m'chaka cha 2017 anyamatawa amaloledwa kusayina mu Disembala momwemo.

Mwambi wathu uja unapherezera pa a Lane Kiffin. Iwowa anali wachiwiri kwa a Nick Saban ku Alabama, ndipo mu Disembala 2016 anavomera kukakhala mphunzitsi wamkulu ku Florida Atlantic. Anagwirizana kuti amalize kaye mpikisano. Pa 31 Disembala Alabama inagonjetsa Washington ndi mapointi 24 kwa 7, koma kasewere ka mbali ya a Kiffin sikanakondweretse anthu. Mnyamata woponya mpira, Jalen Hurts, anangopeza mayadi 57 okha pa kuponya kwake konse. Manyuzipepala analembanso kuti sabata imeneyo basi ya timu inawasiya a Kiffin. Pa 2 Januwale 2017, kutatsala sabata imodzi kuti asewere ndime yotsiriza, a Saban analengeza kuti a Kiffin achoka ndipo a Steve Sarkisian alowa m'malo. Anati agwirizana mwamtendere, koma munthu wochotsedwa pa khomo la chikho sitingati wapita mokondwa.

Pa 9 Januwale ku Tampa, Clemson inagonjetsa Alabama 35 kwa 31, mapointi opambanirawo anabwera kutatsala sekondi imodzi. Mpaka lero ochemerera amatsutsana. Ena amati a Kiffin anali atataya kale mtima. Ena amati kusintha wolamula masiku asanu ndi awiri okha mpira waukulu usanachitike ndiko kunapha timu. Ine ndimaona kuti mbali ya a Sarkisian inapeza mapointi 31, ndipo amene anagonja pa mphindi yomaliza anali otchinga kumbuyo, omwe nkhani ya a Kiffin sinawakhudze.

Koma tikawerenga bwino, amene anakwanitsa alipo angapo ndithu. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, a Kirby Smart, woyang'anira otchinga ku Alabama komweko, analembedwa ntchito ku Georgia mu Disembala 2015. Anakhalabe, ndipo anyamata awo sanalole Michigan State kupeza ngakhale pointi imodzi, 38 kwa 0. Pa ndime yotsiriza Clemson inawathira mapointi 40, komabe chikho anatenga pa 45 kwa 40. A Jeremy Pruitt anachita chimodzimodzi atalembedwa ku Tennessee, Alabama nitenga chikho mu Januwale 2018. A Dan Lanning anali kale mphunzitsi wa Oregon pamene Georgia inagonjetsa Alabama 33 kwa 18 mu Januwale 2022. Ndipo a Sarkisian omwe aja, atabwerera ku Alabama, analembedwa ntchito ku Texas pa 2 Januwale 2021, nabwerera kukalamula mpira umene anathira Ohio State mapointi 52 kwa 24. Koma a Mike Locksley, amene ankapita ku Maryland, anaona zakuda mu Januwale 2019 pamene Clemson inawakwapula 44 kwa 16.

Ndiye yankho langa ndi lakuti inde, n'zotheka. Koma tisanamizane. Matimu onsewa anali ndi osewera aluso kwambiri ndi gulu lalikulu la othandiza, moti mtolo wa munthu mmodzi unkagawidwa pamitu yambiri. Kupambana sikutiuza kuti wachiwiriyo anagona maola angati, kapena kuti filimu ina anaionera ndi diso limodzi, lina lili pa lamya. Amene zinawayendera ndi amene anagawa nthawi poyera, bwana wakale ndi watsopano onse akudziwa, masana kuno, usiku uko.

Amene ndimawamvera chisoni ndi anyamata. Ambiri ali ndi zaka pakati pa 18 ndi 23, ndipo kwa ena mpikisano umenewu ndi womaliza m'moyo mwawo. Munthu amene anakhala pa mpando m'nyumba ya makolo awo n'kulonjeza kuti adzawasamala ndi yemweyo amene tsopano akulonjeza zomwezo m'nyumba zina. Choipa china n'chakuti kuyambira m'chaka cha 2018 wosewera akhoza kulembetsa dzina lake pa mndandanda wa ofuna kusamuka, kotero bwana wakale amaopa kuti wochokayo anyengerera anyamata kuti amutsate. Kuyambiranso m'chaka cha 2024 matimu olowa mpikisanowu anachoka pa 4 kufika pa 12, ndipo masewero amatenga mwezi wathunthu. Amene anakonza kalendala yoika kulemba ntchito, kusayinitsa anyamata ndi kulimbirana chikho m'mwezi umodzi ndiwo ndimawaloza chala, kuposa munthu amene wangovomera kukwezedwa.

Nkhani ya a Kiffin inabweranso kumapeto kwa Novembala 2025. Nthawi imeneyi anali mphunzitsi wamkulu wa Ole Miss, timu imene inapambana masewero 11 mwa 12 n'kulowa mpikisanowu koyamba. Iwo anavomera ntchito ku LSU, napempha kuti amalize kaye ndi anyamata awo. Akuluakulu a sukuluyo anakana, nakweza a Pete Golding, amene ankayang'anira otchinga. Chodabwitsa n'chakuti a Charlie Weis Jr., wachiwiri amene ankatsagana ndi a Kiffin ku LSU, analoledwa kubwerera kudzalamula mbali yofuna mapointi. Ole Miss inachotsa Tulane, inachotsanso Georgia, n'kukagwa m'manja mwa Miami mu Januwale 2026, kutatsala sitepe imodzi kuti ifike pa ndime yotsiriza.