Pa matumba atatu a urea, limodzi cabe ndilo lifika m'nkhokwe

Anzanga acinyamata ndi inu makolo athu alimi, caka ciliconse akuluakulu a boma aimirira pa TV kuwerenga matumba a fataleza amene agawa mu FISP, ati tiombe m'manja. Manje funso limene safuna kumva ni ili: pa fataleza yonse ija, ni yambiri bwanji imene ilowadi m'cimanga?

Mu 1999 akatswiri awiri a pa Oklahoma State University ku America, William Raun ndi Gordon Johnson, anawerengetsa nayitrojeni imene alimi a dziko lonse lapansi amathira pa cimanga, tirigu, mpunga ndi mapira. Anapeza kuti pafupifupi 33 peresenti cabe ndiyo ibwerera m'zokolola. Ndipo muno muli ndi alimi a ku Ulaya ndi ku America, aja a mathirakita ndi makina opima dothi! Thumba la urea la 50 kg lili ndi 23 kg ya nayitrojeni. Pa masamu amenewa, imene ifika m'nkhokwe siikwana ngakhale 8 kg.

Nanga inayo ipita kuti? Urea ukaimwaza pamwamba dzuwa lili phwee, osaikwirira, ithawira m'mwamba ngati mpweya. Mvula ikagwa yamphamvu, ikokoloka kapena kulowa pansi kumene mizu siifika. Cimanga cifuna top dressing cikafika m'mawondo. Urea yobwera cimanga citamasula kale ngaiyaye ni ndalama zotaya m'madzi, koma mu lipoti la ku Lusaka thumba lija alilemba kuti "lagawidwa". Mlimi walipira K400 yake, wadikira pa depoti, mwana sukulu fizi palibe.

Ndiye pali nkhani ya dothi. Ku Luapula, Northern, Muchinga ndi North-Western kumene mvula igwa kwambiri, dothi ni la asidi, ndipo kuthira urea caka ndi caka kumaonjezera asidi ameneyo. Popanda laimu, popanda manyowa, popanda kusinthana cimanga ndi soya kapena nshawa, mungathire kawiri koma mizu siidya bwino. Ndani anamvapo nduna ikudzitama ndi laimu? Laimu saoneka bwino pa cithunzi ca kampeni, ndiye cifukwa cake.

Urea ipangidwa ndi gasi, ndipo tonse tinaona mmene mitengo inakwerera mu 2022 Russia italowa mu Ukraine. Tigula ndi madola osowa, kenaka titaya gawo lalikulu m'mphepo ndi m'mitsinje.

FISP inayamba mu 2002, maboma asintha, koma nyimbo ni imodzimodzi: matumba, matumba. Ife tifuna urea ifike mvula isanayambe, laimu alowe mu pulogalamu, alangizi a zaulimi apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta, ndipo dothi lipimidwe boma lililonse. A nduna, caka cino tiuzeni matani a cimanga amene atuluka pa hekita imodzi ya mlimi wa FISP. Ikani nambalayo poyera.