Kupepuka kwa ndege ya Zero

Sabata yatha ndimaphunzitsa ana a Folomu 4 za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nditanena kuti pa 7 Disembala 1941 dziko la Japan linaphulitsa doko la Pearl Harbor ndi ndege zonyamuka pa sitima 6 zapamadzi, mtsikana wina anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ndege ingathamange pati pa sitima?"

Anzake anaseka, ine ayi. Sitima yaikulu yomwe iye anaionapo ndi Ilala.

Sitima zimenezo zinali ndi denga lathyathyathya, lotalika kuposa mabwalo awiri a mpira. Ndege zikamanyamuka, sitima inkalunjika kochokera mphepo n'kuthamanga kuti mapiko agwire mpweya msanga. Potera, ndege inkatsitsa ngowe kumchira kuti ikole chingwe chachitsulo chopingasa dengalo.

Koma chandikhala pamtima ndi ndege ya Japan yotchedwa Mitsubishi Zero. Akuluakulu a asilikali apamadzi anauza katswiri Jiro Horikoshi kuti akufuna ndege yaliwiro, yokhota msanga, youluka mtunda wautali, pomwe injini yomwe inalipo inali yochepa mphamvu. Iye anachotsa chilichonse cholemera. Kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa kunalibe chitsulo chotchinga zipolopolo. Matanki a mafuta analibe mphira wotseka bowo akabooledwa. Zipolopolo zochepa chabe, ndege yonse moto lawilawi.

Ndege ya America, Grumman Wildcat, inali yojintcha, yochedwa kukwera, koma chitsulo ndi mphira zija inali nazo. Pokhota sikanalimbana ndi Zero. Tsono woyendetsa wina, John Thach, anayala timitengo ta machesi patebulo kunyumba kwake mpaka anapeza njira: ndege ziwiri ziziuluka motalikirana pang'ono, Zero ikatsata imodzi, zonse zikhotere molozana, mdaniyo apezeke kukamwa kwa mfuti za inzakeyo. Anaiyesa pa nkhondo ya ku Midway mu Juni 1942, ndipo inagwira. Ife tinaiyesa pabwalo la sukulu ndi anyamata atatu, fumbi koboo, mpaka ahedi anasuzumira pawindo.

Ambiri amatama Zero chifukwa cha changu chake, ndipo poyamba inkaopsadi. Ine ndimawerenga anthu. Ndege ikagwa, fakitale imatulutsa ina. Woyendetsa wodziwa kutera pa sitima yogwedezeka ndi mafunde amatenga zaka kuti aphunzitsidwe. Pofika Juni 1944, pa nyanja ya Philippines, Japan inatumiza anyamata ophunzira mothamanga kukakumana ndi ndege yatsopano ya America, Hellcat. M'masiku awiri inataya ndege mazanamazana.

Mtsikana uja anafunsanso: "Nanga oyendetsawo ankadziwa kuti kumbuyo kwawo kulibe chitsulo?"

Ndinamuyankha kuti ankadziwa. Belu linalira ali chiyang'anire pabolodi, cholembera chili m'manja.