Wa Pachala Ngwa Mphepo

Chiyambire Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, amalonda a pamsika wa Nsungwi ku Area 25 azoloŵera kulandira malipiro pa lamya. Nzabwino ndithu, pakuti opisa m'matumba asoŵa pogwira.

Komatu mai wogulitsa usipa amene amasunga mpamba wake wonse m'lamyamo akuseŵera paulimbo. Akaphonya nambala yachinsinsi kangapo, kapena kampani ikakayikira kumene ndalamazo zachokera, akaunti imatsekedwa. Pamene iye akufola ku ofesi, chiphaso chili m'manja, anzake akupikula usipa wa ku Salima, ndipo ana ake agona ndi njala.

Wamalonda wochenjera azitapa madzulo alionse ndalama zoodera katundu wa maŵa. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.