Khoko la chipolopolo lotsika mtengo: funso la wophunzira wanga wakale



Sabata yatha ndinalandira uthenga wochokera kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Pano ali ku South Africa, m'chigawo cha Limpopo, kumene akugwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire. Mwini famuyo sataya makoko a zipolopolo akawombera. Amawatola, nkuikamo onga watsopano ndi nsonga yatsopano, chipolopolo nkukhalanso chamoyo. Lamulo la mfuti la dzikolo, la chaka cha 2000, limalola munthu wokhala ndi laisensi kuchita zimenezi pa mfuti yakeyo. Ntchito ya mnyamatayu ndi kutsuka makoko ndi kuwasankha.

Funso lake linali lakuti: "Aphunzitsi, abwana akufuna kugula makoko otsika mtengo, ena ndi otoleza pabwalo lophunzirira kuwombera. Mlenje wina akuti otsika mtengo amaphulika. Zoona ndi ziti? Paja munkatiphunzitsa za zitsulo."

Ndinasangalala kuti wakumbukira phunzirolo, koma ndinachitanso mantha pang'ono, chifukwa mfuti ikamalira iye amakhala ataima pambali pa abwana akewo. Ine mfuti ndilibe, koma mkuwa ndi nkhani yanga ya m'kalasi. Yankho limene ndinamupatsa ndi ili: mtengo wotsika suvulaza munthu. Chimene chimavulaza ndi khoko limene mwini wake sadziwa kumene lachokera ndi kangati lagwira ntchito.

Tiyambe ndi chitsulocho. Khoko limapangidwa ndi brass, amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, magawo 70 a mkuwa ndi magawo 30 a zinki. Makampani otchuka ndi zodula, monga Lapua ya ku Finland ndi Norma ya ku Sweden, komanso odziwika ndi mitengo yabwinoko, monga Prvi Partizan ya ku Serbia, onse amayambira pa msakanizo wofanana ndi umenewu. Amasiyana pa kusamala: makoko odula amafanana kwambiri kulemera ndi kukhuthala, ndipo kawirikawiri amachedwa kutha.

Ntchito ya khoko ndi yoopsa kuposa mmene limaonekera. Mfuti ikalira, onga umapsa nkutulutsa mpweya wamphamvu zedi. Pa chipolopolo cha .308 Winchester malire ovomerezeka ndi 62,000 psi, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 32 psi. Ndiye kuti ndi mphamvu ya m'tayala kuchulukitsa pafupifupi ka 2,000. Khoko limafufuma nkumatirira m'kati mwa mfuti, ndipo ndi limene limatseka mpweyawo kuti usabwerere kumbuyo, kumene kuli diso la wowombera. Likatero limabwerera pang'ono kuti lituluke. Pofuna kuligwiritsanso ntchito, munthu amalikanikiza m'chikombole kuti libwerere pa msinkhu wake.

Apa ndi pamene ana anga a Fomu 3 ayenera kukweza manja. Mukukumbukira waya uja tinkapinda m'kalasi? Poyamba umapindika mosavuta. Ukaupinda malo omwewo kachisanu, kakhumi, umayamba kuuma, kenako thyo! Aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya amazidziwa. Khoko limachitanso chimodzimodzi: kufufuma, kukanikizidwa, kufufuma, kukanikizidwa. Khosi lake, kumene kumalowa nsonga, limauma mpaka kung'aluka. Odziwa amalifewetsa ndi moto, monga amachitira amisiri osula, koma khosi lokha basi. Tsinde la khoko liyenera kukhala lolimba, ndipo khoko limene tsinde lake lapsa ndi moto ndi lotaya.

Kung'aluka kwa khosi ndi vuto laling'ono. Lalikulu lili kumunsi. Nthawi iliyonse mfuti ikalira, khoko limatalika pang'ono, ndipo mkuwa wotalikitsawo umachoka pafupi ndi tsinde. Malo amenewo amapyapyala m'kati, osaoneka bwino kunja, mpaka tsiku lina khoko limaduka pawiri mfuti ikulira. Mfuti ya Lee-Enfield .303, ija ankanyamula asilikali a King's African Rifles pa nkhondo, imadziwika ndi kutalikitsa makoko chotere, chifukwa inapangidwa kuti izigwira ntchito m'matope ndi m'fumbi. Amene anaipanga sankaganiza za munthu wotola makoko. Mfuti zamtunduwu zidakali m'manja mwa alenje ena ku South Africa.

Tsono taonani chifukwa chimene ndikukanira makoko otoleza. Khoko logwa pabwalo silinena mbiri yake. Mwina lawomberedwa kamodzi, mwina kakhumi ndipo mwini wake walisiya dala. Lodula la Lapua lotopa ndi loopsa kuposa lotsika mtengo latsopano. Dzina lodindidwa pa tsinde limangokuuzani amene analipanga. Za moyo wake kuchokera pamenepo, lili chete.

Pali zinanso. Makoko ambiri a usilikali a 7.62 NATO ndi okhuthala kuposa a .308 Winchester a m'sitolo, ngakhale kunja amaoneka ofanana. Kukhuthala kumachepetsa malo m'kati, ndipo onga womwewo m'malo ochepa umakweza mphamvu. Wosakaniza mitundu iwiriyi m'chidebe chimodzi akusewera ndi nkhope yake. Ena ndi achitsulo chongopakidwa, ndipo maginito amawagwira nthawi yomweyo. Enanso ali ndi kabatani koyatsira onga ka mtundu wa Berdan, kokhala ndi timabowo tiwiri m'kati, kamene kamavuta kuchotsa, pamene ka mtundu wa Boxer kali ndi bowo limodzi pakati. Mukaunika ndi tochi mumaona. Choseketsa n'chakuti Hiram Berdan anali wa ku America ndipo Edward Boxer anali Mngerezi, onse anatulutsa nzeru zawo mu 1866, koma a ku America anatengera ya Mngerezi, ndipo ya Berdan inafala ku Ulaya.

Aziphunzitsi a Chemistry, nayi nkhani yoti mukawauze ana. Asilikali a Britain ali ku India ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nthawi ya mvula. Mvula ikatha ankapeza makoko ambiri atang'aluka okha, osawomberedwa nkomwe. Mu 1921 akatswiri anafotokoza chifukwa chake: ammonia wochokera mu mkodzo wa akavalo amadya brass amene ali ndi kukanika m'kati mwake. Ndinamuuza mnyamata uja kuti asatsuke makoko ndi mankhwala opukutira zitsulo okhala ndi ammonia, ngakhale amawalitsa bwino, ndiponso asawasunge pafupi ndi khola kapena matumba a feteleza.

Kodi ndiye kuti odula alibe phindu? Ali nalo ndithu. Tiyerekeze masamu, mitengo yake yongopeka. Khoko la R10 likagwira ntchito kasanu, kuwombera kulikonse kwadya R2. La R24 likagwira ntchito ka 15, kwadya R1.60. Lodula lija lakhala lotchipa. Munthu wa mpikisano, wowombera chinthu chili mamita 600 kapena 1,000, amafunanso makoko ofanana ngati mapasa, ndipo ameneyo agule odula. Koma mlenje wowombera nswala kapena njiri pa mamita 100 sangaone kusiyanako, ndipo makoko ake ambiri amatayika mu udzu asanafike ka 15. Kwa iye otsika mtengo ndi okwana.

Zimene ndinamulembera kuti akauze abwana ake ndi izi. Gulani otsika mtengo, koma atsopano, kapena owomberedwa kamodzi kuchokera kwa munthu amene mukumudziwa. Akhale a kampani imodzi, ogulidwa nthawi imodzi. Musawasakanize ndi ena. Khalani ndi kope, ndipo gulu lililonse likhale ndi bokosi lake ndi tsamba lake: lagulidwa liti, lawomberedwa kangati, m'mfuti iti. Yezani kutalika kwake nthawi zonse. Pindani kawaya kunsonga nkukalowetsa m'khoko. Kakakodwa pa kangalande pafupi ndi tsinde, kapena mukaona kamzere kowala kozungulira kunja, khokolo latha. Kabatani koyatsira kakamalowa mopepuka, osagwira, lathanso. Awiri kapena atatu a gulu limodzi akasonyeza zizindikiro zimenezi, tayani gulu lonse, chifukwa anzawo akalamba nawo limodzi. Ndipo muyezo wa onga uchokere m'buku la opanga ongawo, osati kwa mnzanu wa ku bala. Safunsa anadya phula, koma wofunsa munthu wolakwika amadyanso phula lomwelo.

Chimene chimavuta pa zonsezi ndi kutaya. Ife tinakulira m'nyumba zimene botolo la mafuta ophikira silitayidwa, thumba la shuga limatsukidwa, tayala lakutha limasanduka nkhwaira. Ndi nzeru yabwino ndipo ine ndimainyadira. Koma pali zinthu zimene zikatha zimatha mobisa, ndipo khoko ndi chimodzi mwa izo. Limawalabe, limaonekabe lamphumphu, ndipo mtima umati ndiligwiritse kamodzi kotsiriza. Kamodzi kotsirizako ndi kamene kamachotsa diso. Mtengo wa khoko limodzi sufika pa mtengo wa ulendo wa ku chipatala, ndipo diso silibwerera.

Kwa inu muli kuno kumudzi, musati aphunzitsi atipatsa ntchito yatsopano. Mfuti ndi zipolopolo kuno zimafuna chilolezo, ndipo mukatola chipolopolo pena pake, kapena ana akabwera nacho kusukulu, kauzeni apolisi. Osachigogoda, osachiponya pamoto.

Mnyamata uja wandiyankha dzulo. Akuti abwana ake agula makoko 100 atsopano a mtengo wabwinoko, ndipo chidebe cha otoleza chija achigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kope akusunga ndi iye. Wandifunsa ngati ndikukumbukira kuti Fomu 3 ndinamulanga chifukwa chosalemba manotsi. Ndikukumbukira bwino lomwe, mwana wanga. Lemba tsopano.